Chisoni chichedweranji mumtima?

Tsiku la msika nthawi ya dzinja silitha popanda wina kugwa. Mayi wasenza dengu la tomato, waponda poterera, posakhalitsa ali chagada m'matope, tomato ali mbwee. Anyamata a kabaza akufa nazo nseko, ena akuimba mluzu.

Panthawiyo manyazi amamugwira mayiyo moti amasowa poyang'ana. Koma dzuwa likamafika paliwombo amakhala atayala malonda ake, akuitanira ogula, mwinanso akuseka nawo pofotokozera anzake mmene wagwera.

Pobwerera kunyumba, minibasi yomwe wakwera itha kuphonyana pang'onong'ono ndi lole. Onse amakuwa, mitima ili phaphapha, nkhongono zili zii. Koma pofika pasiteji yachitatu nkhani imakhala itasintha, anthu akukangana ndi kondakitala za chenji.

Mayi yemweyo akakhala kuti adaika mwamuna wake m'manda chaka chatha, nkhani yake ndi ina. Madzulo pogawa nsima, dzanja limatenga lokha mbale ya bambo. Belu la njinga likalira panja, mtima umati ndi iwo. Anthu adabalalika kalekale pasiwa, koma chisoni chili chikhalire.

Manyazi atha tsiku lomwelo, mantha atha ulendo usanathe, koma chisoni chadutsa chaka. Mtima ndi umodzi womwewo. Nanga kusiyanaku kukuchokera pati?

Funsoli si la macheza chabe. M'midzi ndi m'matauni muli apachibale omwe sapatsana moni kwa zaka khumi kaamba ka malire a munda kapena ngongole ya feteleza. Muli anamfedwa omwe adasiya geni, komanso ana omwe adalowa pansi m'kalasi bambo awo atamwalira. Kudziwa chomwe chimachedwetsa zowawa mumtima ndiko poyambira pothandiza anthu otere.

Adawerenga maola

Mu 2014, akatswiri awiri a kaganizidwe ka munthu a kusukulu yaukachenjede ya Leuven m'dziko la Belgium, Philippe Verduyn ndi Saskia Lavrijsen, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wofuna kuyankha funso lomweli.

Iwo adapempha ophunzira 233 a kusekondale kuti akumbukire zomwe zidawachitikira posachedwa, zomwe adamva mumtima komanso nthawi yomwe idapita kuti zithe. Adaunika mitundu 27 ya zomwe mtima umamva, kuyambira chimwemwe, nsanje ndi mkwiyo mpaka kunyansidwa.

Chisoni ndicho chidatsogola. Chinkatenga maola pafupifupi 120, omwe ndi masiku asanu. Chidani chidabwera pambuyo pake ndi maola 60, kenako chimwemwe ndi maola 35. Nkhawa inkatenga maola 24 pomwe mkwiyo unkatha m'maola awiri. Mantha sankakwana ola, ndipo manyazi ndi kunyansidwa zinkatha m'mphindi 30 zokha.

Apa ndiye kuti nthawi ya chisoni chimodzi ingakwane manyazi 240.

Manambalawa si lamulo. Adachokera kwa achinyamata a dziko lina, ndipo kafukufukuyo adadalira kukumbukira kwawo. Palibe angauze namfedwa kuti masiku asanu akwana, apukute misozi. Chofunika ndi kuona chomwe chikutsogola ndi chomwe chikutsalira, komanso zifukwa ziwiri zomwe akatswiriwa adapeza: kulemera kwa nkhaniyo pamoyo wa munthu, ndi kuibwerezabwereza m'maganizo.

Kulemera kwa nkhani

Chilichonse chomwe mtima umamva chili ndi ntchito yake. Mantha ndi mlonda. Munthu akaona njoka panjira, kachigawo kena ka ubongo kotchedwa amygdala kamachenjeza thupi lonse, ndipo tiziwalo tomwe tili pamwamba pa impso timathira m'magazi mankhwala otchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, mpweya umabwera pafupipafupi, miyendo imapeza mphamvu zodumphira kutali.

Njoka ikalowa patchire, ntchito ya mlonda yatha. Mankhwala aja sakhalitsa m'magazi. Pakangopita mphindi zowerengeka amayamba kuchepa, thupi n'kubwerera mwakale. Kunyansidwa nako n'chimodzimodzi. Ntchito yake ndi kuletsa munthu kudya nsomba yoola, ndipo akaitaya nkhani yathera pomwepo.

Chisoni chimabwera munthu akataya chinthu chomwe sichibwerera: imfa, kutha kwa banja, kuchotsedwa ntchito, kupsa kwa golosale yomwe adaimanga ndi thukuta la zaka zambiri. Zoterezi sizikhudza tsiku limodzi. Zimakhudza mawa, mkuja ndi chaka chamawa.

Mayi wamasiye sakulira mwamuna yekha. Akulira fizi ya ana, denga lodontha lomwe bambo adati adzakonza akakolola, komanso munthu wokambirana naye usiku nyali itazima. Tsiku lililonse limabwera ndi chake chomukumbutsa, ndipo chilichonse mwa izi ndi maliro ena aang'ono.

Ubongo nawo umachedwa kuphunzira. Mary-Frances O'Connor wa ku University of Arizona ku America, yemwe amafufuza zomwe zimachitika muubongo wa anamfedwa, amafotokoza kuti munthu amene wakhala ndi mnzake zaka zambiri ubongo wake udazolowera kuti mnzakeyo akachoka amabweranso. Kumva uthenga wa maliro ndi kwa tsiku limodzi, koma kuti chizolowezicho chisinthe pamafunika masiku ambirimbiri ofika pakhomo n'kupeza mpando uli wokha. N'chifukwa chake dzanja limatengabe mbale ija.

Kafukufuku wa ku Leuven adaonetsanso kuti zinthu zooneka ngati mapasa zimasiyana kutalika kwake. Mantha ndi nkhawa zimafanana, koma mantha ali ndi chowachititsa chooneka ndi maso: galu uyo akubwera apoyo. Nkhawa ndi ya chinthu chomwe sichinafike, monga mvula kudula chimanga chikumasula, kapena tsiku lobweza ngongole ya banki m'khonde kuyandikira m'thumba muli mbee. Popeza chinthucho sichinafike, palibe kothawira, ndiye nkhawa imagona ndi munthu n'kudzuka naye.

Chimodzimodzinso manyazi ndi kudziimba mlandu. Manyazi amatha oonerera akabalalika, koma chikumbumtima chimamuperekeza munthu mpaka kuchipinda.

Kubzikula ngati mbuzi

Chifukwa chachiwiri ndicho chili pafupi kwambiri ndi manja a munthu. Aliyense amene adawetako mbuzi kapena ng'ombe amadziwa kuti zikagona madzulo zimabweza udzu womwe zidadya masana n'kumautafunanso. Uku ndiye kubzikula, ndipo akatswiri adabwereka mawu omwewa pofotokoza za munthu amene amabweza nkhani imodzimodzi m'maganizo, kuitafuna, kuimeza, n'kuibwezanso.

Kusiyana kwake n'kwakuti mbuzi ikabzikula imanenepa, pomwe munthu akamabzikula nkhani amaonda.

Nthawi iliyonse munthu akaibweza nkhaniyo, thupi limayankha ngati ikuchitika kumene. Mawu achipongwe omwe mlamu adalankhula pamaliro adatenga mphindi imodzi. Koma amene akuwabwereza usiku uliwonse watukwanidwa kambirimbiri, wotukwanayo ali m'tulo kwawo. Moto womwe ukadazima wokha ukusonkhezedwa ndi mwini wake wopsa nawo.

Apa ndi pomwe mkwiyo wa maola awiri umasanduka mangawa. Akuluakulu adati mlandu suola. Mwambiwu umachenjeza wolakwa, koma umanenanso zoona za wolakwiridwa amene wausunga mlanduwo kukhosi: kwa iye nkhani ya zaka khumi zapitazo imakhala ya dzulodzulo.

Mu Okutobala 1989, chivomezi chachikulu chidagwedeza dera la San Francisco ku America. Zidangochitika kuti masabata awiri chisanachitike, katswiri wina wa ku Stanford University, Susan Nolen-Hoeksema, adali atafunsa gulu la ophunzira mmene amachitira akakhumudwa.

Atawafunsanso patapita masiku 10, komanso patapita masabata 7, adapeza kuti omwe adali ndi chizolowezi chobzikula mavuto awo ndiwo adali okhumudwabe kwambiri kuposa anzawo. Chivomezi chidatha m'kanthawi kochepa, koma kwa ena chidapitirira m'mutu.

Vutoli si lachilendo kuno. Pamudzi munthu akayamba kuonda, kusowa tulo ndi kudandaula mutu, anthu amati akuganiza kwambiri, kapena akudwala maganizo. Ku Zimbabwe, Ashona amati kufungisisa, ndipo mawuwa adalowa ngakhale m'buku lalikulu lomwe madokotala a matenda a maganizo a ku America adatulutsa mu 2013.

Si kuganiza konse komwe kuli koipa. Kuganiza kofuna njira kumafunsa kuti, "Tsopano nditani?" ndipo kumathera pa chochita: kukaonana ndi ankhoswe, kukapempha kuti ngongole ibwezedwe pang'onopang'ono, kukabzala mbatata pomwe chimanga chakanika. Kubzikula kumafunsa kuti, "Chifukwa chiyani ine?" kapena kumangoti, "Ndikadadziwa." Mafunso otere alibe pothera, chifukwa madzi akatayika saoleka.

Nkhani yopanda mathero

Pali chinthu chachitatu chomwe akatswiri ena adapeza. Timothy Wilson wa ku University of Virginia ndi Daniel Gilbert wa ku Harvard amati mtima umagwiritsa chinthu mpaka utachimvetsa. Ukachimvetsa umayamba kuchitaya pang'onopang'ono.

M'kafukufuku yemwe adatuluka mu 2005, iwo ndi anzawo adapatsa ophunzira omwe ankawerenga mulaibulale timakhadi tomatidwa ndalama ya dola imodzi. Timakhadi tina tidalembedwa mooneka ngati tikufotokoza amene wapereka mphatsoyo ndi chifukwa chake, pomwe tina tidawasiya olandirawo ali kakasi. Omwe sadamvetse chomwe chachitika ndiwo adakhalabe osangalala nthawi yotalikirapo.

Tsoka lake n'lakuti chomwe chimatalikitsa chimwemwe chimatalikitsanso ululu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Pauline Boss wa ku University of Minnesota adafufuza mabanja a asilikali a ku America omwe adasowa pankhondo ya ku Vietnam. Adapeza kuti kutaya munthu popanda chitsimikizo choti wafa kapena ali moyo kumaumitsa chisoni pamalo amodzi, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo.

Amalawi ambiri amaudziwa ululu umenewu. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, madzi, matope ndi miyala zidakokolola nyumba m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre komanso m'maboma monga Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 600 adapezeka atafa, ndipo ena oposa 500 sadaoneke.

Banja lomwe lidaika m'bale wawo lili ndi manda okalambula. Banja lomwe silidapeze thupi lilibe poloza.

N'chimodzimodzi ndi mabanja a matchona, kuyambira masiku a Wenela mpaka lero pomwe mnyamata amapita ku Joni, kutumiza ndalama miyezi ingapo, kenako foni yake n'kusiya kupezeka. Mayi ake sangakhale maliro, komanso sangasiye kudikira. Basi iliyonse yochokera kumeneko ikaima pamsewu, bala limatseguka.

Mtima wosowa yankho umatha kulandira yankho lililonse, ngakhale labodza. Imfa ikabwera mwadzidzidzi, funso loti "chamupha n'chiyani?" limasanduka loti "wamupha ndani?" Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu okalamba anayi apachibale adaphedwa ndi gulu lolusa powaganizira kuti adalodza mtsikana yemwe adafa ndi mphenzi. Maliro amodzi adasanduka asanu.

Chisoni chikapatsidwa munthu womuloza chala chimasanduka chidani, ndipo chidani nacho sichitha msanga. N'chifukwa chake achibale ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira achipatala kuti awafotokozere bwinobwino chomwe chatenga m'bale wawo. Yankho loona, ngakhale lowawa, limapatsa mtima pokhazikika.

Nanga chimwemwe?

Wina angafunse kuti bwanji zokoma sizikhalitsa ngati zowawa. Bambo akakhoma malata panyumba yomwe idali yaudzu, sabata yoyamba amatuluka panja kukaliyang'ana dengalo likunyezimira. Mvula yoyamba ikagwa amagona akumwetulira. Pakutha pa chaka langokhala denga basi, ndipo mtima uli pa simenti ya pansi.

Munthu amazolowera. Richard Lucas ndi anzake adaunika mayankho a anthu oposa 24,000 a ku Germany omwe ankafunsidwa chaka ndi chaka kwa zaka 15 za mmene akuonera moyo wawo. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2003 zidaonetsa kuti chisangalalo cha ukwati chimakwera nthawi ya ukwatiyo, koma mwa ambiri chimabwerera pomwe chidali pakangopita zaka zochepa. Koma amayi ndi abambo oferedwa anzawo a m'banja ankatenga zaka 7 kapena 8 kuti ayandikire pomwe adali kale.

China n'chakuti zabwino anthu sazibzikula. Ndi ochepa amene amasowa tulo powerenga zokoma zomwe zawachitikira tsikulo. Mawu amodzi oipa a wogula amapita nawo kunyumba, pomwe ogula makumi awiri amene adathokoza aiwalika pamsika pomwepo.

Komabe pali nkhani yolimbikitsa. Mu 1997, Richard Walker ndi anzake adaunika zomwe anthu ankalemba tsiku ndi tsiku za moyo wawo, n'kudzawafunsanso patapita miyezi ndi zaka. Adapeza kuti kuwawa kwa zinthu zoipa zomwe munthu akukumbukira kumazilala msanga kuposa kukoma kwa zinthu zabwino.

N'chifukwa chake anthu omwe adaphunzira sukulu yogonera komweko amaseka mpaka misozi akamakumbutsana za nyemba zofumbwa ndi mgaiwa wosapsa, zomwe panthawiyo zinkawaliza. Nthawi imagwira ntchito yake ngati munthu sakubwezera nkhuni pamoto. Kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti mwa anthu omwe ali ndi matenda okhumudwa kuzilalaku kumachepa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe amafunikira thandizo.

Makolo adaziona kale

Makolo sadawerenge maola, koma adadziwa kuti chisoni sichichoka tsiku loika maliro. N'chifukwa chake adachiikira malo opumira panjira. Pali kugona pasiwa, pomwe namfedwa sasiyidwa yekha usiku. Pali kumeta. Asilamu ambiri m'dziko muno amachita sadaka, ndipo mayi woferedwa mwamuna amadikira miyezi inayi ndi masiku khumi. Pali kusudzula, pomwe wamasiye amamasulidwa kuti ayambenso moyo wina. Pomaliza pali kumanga chiliza, nthawi zambiri patapita chaka kapena kuposerapo.

Mwambo uliwonse mwa iyi umauza mtima, pamaso pa mudzi wonse, kuti gawo ili latha, tsopano tikulowa lina. Nkhani yomwe ikadakhala yopanda mathero imapatsidwa mathero pang'onopang'ono.

Bwalo la mfumu ndi ankhoswe amagwira ntchito yomweyo pa mkwiyo. Mlandu ukakambidwa, aliyense n'kupatsidwa mpata wolankhula, wolakwa n'kupepesa ndi nkhuku kapena mbuzi, wolakwiridwa amapeza potulira. Nkhukuyo siilipira zonse zomwe zidaonongeka, koma imatseka nkhani.

Si miyambo yonse yomwe imachiza. Kulowa kufa ndi kulanda katundu wa amasiye kumaika bala latsopano pamwamba pa lakale. Mayi amene walandidwa nyumba ndi mbuzi maliro asanazizire amasenza chisoni, mkwiyo ndi nkhawa nthawi imodzi, ndipo chilichonse chimadyetsa chinzake. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda katundu wotere m'gulu la milandu.

Pali chinanso chomwe anansi amalakwitsa. Namfedwa akabwerera kumsika patapita masabata ochepa, n'kumveka akuseka, manong'onong'o amayamba: sadamukonde, mwina akudziwapo kanthu.

Mu 1999, Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku Utrecht m'dziko la Netherlands adafotokoza kuti munthu amene akulira bwino amapita uku ndi uku. Nthawi ina amayang'ana chomwe wataya n'kulira, nthawi ina amayang'ana moyo womwe watsala n'kupita kumunda. Zonse ziwiri n'zofunika, ndipo kupuma kulira si kuiwala.

George Bonanno wa ku Columbia University ndi anzake, atatsatira anthu achikulire 205 kuyambira anzawo a m'banja asanamwalire mpaka pambuyo pake, adapeza mu 2002 kuti pafupifupi theka la iwo adapitiriza moyo osagweratu pansi, ngakhale ankawasowa anzawowo. Kulimba kotere si kuuma mtima. Anthu amasiyana, ndipo palibe kalendala imodzi ya onse.

Kulankhula kothandiza

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kungoifotokoza nkhani kumaichotsa mumtima. Bernard Rimé, katswiri wina wa ku Belgium yemwe wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, adapeza kuti pafupifupi aliyense amauzako wina zomwe zamukhudza, ndipo akatero amamva kupepukidwa panthawiyo. Koma kungobwereza nkhani momwemo, kwa anthu ongovomereza kuti "zoonadi, adakulakwirani", sikufupikitsa ululu. Nthawi zina kumakhala kubzikula kwa anthu awiri.

Chomwe chimathandiza ndi kucheza komwe kumamufikitsa munthu poiona nkhaniyo mwatsopano, kapena popeza chochita.

Chitsanzo chili pafupi. Mu 2006, dokotala wa matenda a maganizo ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, adayamba ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Adaphunzitsa agogo aakazi 14 kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kufungisisa.

Agogowo sapereka mankhwala ndipo salalikira. Amamvetsera, kenako amathandiza munthuyo kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi lomwe angathe kuyamba nalo, ndi kupangana chomwe achite asanakumanenso.

Kafukufuku wa anthu 573 yemwe adatuluka mu 2016 adaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse omwe adakhala pabenchi, 14 okha ndiwo adali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, poyerekeza ndi 50 mwa omwe adalandira chithandizo cha nthawi zonse. Njirayi idayesedwanso m'zipatala zina za dziko lino.

Phunziro lake lingagwire ntchito pakhonde lililonse. Wopita kukaona namfedwa patapita mwezi, anthu onse atasiya kubwera, amachita chachikulu kuposa wongoponya chipepeso m'mbale tsiku la maliro. Kumuitana kuti akathandize kusenda chimanga, kumuperekeza kumsika, kukhala naye pansi n'kuwerengera limodzi za fizi ya ana, zonsezi zimadula kubzikula. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ana nawo asaiwalidwe. Mwana amene wauzidwa kuti bambo ake apita kuulendo amakhala akudikira pamsewu, ndipo nkhani yake imakhala yopanda mathero ngati ya banja la mtchona. Kumuuza zoona m'mawu a msinkhu wake, ndi kumulola kufunsa mafunso, kumamuthandiza kuposa kumubisira.

Chikapyola muyeso

Pali nthawi yomwe chisoni chimafuna achipatala. Kuyambira mu 2022, m'ndandanda wa matenda wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation muli vuto la chisoni chokhalitsa. Limeneli ndi pomwe padutsa miyezi yoposa 6, komanso nthawi yoposa yomwe chikhalidwe cha munthuyo chimayembekezera, koma iye akadali womangika: akulakalaka malemuyo usana ndi usiku, akukana kuvomereza imfayo, ndipo akulephera kugwira ntchito kapena kusamala pakhomo.

Akatswiri omwe adaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mu 2017 adapeza kuti vutoli limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 10 alionse oferedwa.

Zizindikiro zina zofunika kuziyang'anira ndi kusowa tulo kwa masabata ambiri, kukana chakudya, kudzipatula, kusiya kusamba, kuyamba kumwa mowa mwauchidakwa, komanso mawu monga "bola ndingotsatira" kapena "mudzatsala mukupuma". Mawu otere si oseka nawo. Munthu wotere asasiyidwe yekha, mankhwala oopsa a kumunda achotsedwe m'nyumba, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Abambo ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Adakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye amabzikula okha mwakachetechete kapena kukabisala kumowa. Malipoti a apolisi akhala akuonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna.

M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala omwe adaphunzira za matenda a maganizo. Palinso chipatala cha Zomba Mental komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupitako sikutanthauza kuti munthu wachita misala, monganso kupita kukayezetsa BP sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kufa.

Kulemera kwa nkhani palibe angakuchepetse. Imfa ya mwamuna ndi yolemera, ndipo chisoni chake chimatalika chifukwa munthuyo adali wofunika. Chomwe achibale ndi anansi angathe ndi kuonetsetsa kuti namfedwa sakuisenza yekha, sakuibzikula yekha usiku, ndipo sakuonjezeredwa mabala ena.

Mayi wa tomato uja akapeza anthu otere, tsiku lina madzulo adzagawa nsima n'kuzindikira kuti watenga mbale zokwanira anthu omwe alipo. Mwina adzalira pozindikira zimenezo. Koma m'mawa mwake adzasenza dengu lake kupita kumsika, ndipo wina akadzatchula dzina la bambo, adzatha kufotokoza nthabwala zomwe ankakonda.